Pikapu yamagetsi ikapindika saiwongola ngati Hilux

Pikapu yonyamula mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato m'boma la Dedza sikhalitsa ili yosalala. Tsiku la msika pa Chimbiya, pa Bembeke Turn Off kapena pa Lizulu, galimoto zimapanikizana ndi ngolo, njinga za kabaza ndi mawilibala. Anyamata okweza katundu amaponya matumba osayang'ana pogwera. Ikatsika ku Khwekhwerere kupita ku Golomoti, katundu amatsamira mbali imodzi pa khona iliyonse mpaka bodi kuyamba kutanuka. Mwini galimoto wa kuno amadziwa kale kuti kupita kwa owongola galimoto, omwe ambiri amawatchula kuti ma panel beater, ndi gawo la bizinesi ngati kugula matayala.

Kusowa kwa mafuta kwa zaka zapitazi kwachititsa amalonda ena kuyamba kufunsa za galimoto zoyendera magetsi. Pikapu zotere n'zosowa m'misika ya kuno, koma galimoto zogwiritsa ntchito mafuta ndi batire pamodzi monga Toyota Prius ndi Aqua zidafika kale, ndipo zidabwera zitagwirako ntchito kunja. Zamagetsi zidzalowa pa khomo lomwelo. Funso lomwe ambiri amafunsa ndi la kotchajira. Funso lomwe limaiwalika, koma limadya mpamba, ndi lakuti: ikagundidwa adzaikonze ndani, ndipo idzaima masiku angati?

Pikapu zozolowereka monga Toyota Hilux, Nissan Hardbody ndi Isuzu zidapangidwa m'njira yokomera munthu wa ndalama zochepa. Pansi pali chasisi, pamwamba pake adamangapo ndi mabawuti chipinda cha dalaivala, ndipo bodi yonyamula katundu ndi yapayokha. Bodi ikatheratu amaimasula, n'kuikapo ina kapena kuwotcherera yamatabwa ndi zitsulo. Malata ake ndi achitsulo chopyapyala, nthawi zambiri chosafika milimita imodzi. Chitsulo chotere n'chomvera: chikalowa m'kati, mmisiri amachimenya ndi hamala atatsamiritsa chitsulo china kuseri, ndipo pomwe chatanuka amachitenthetsa ndi gasi n'kuchiziziritsa kuti chikhwinyate. Akatero amapaka body filler, kupala ndi sandipepa, kenako penti.

Apa mpomwe pamabisala chinyengo. Filler ntchito yake n'kusalaza tizigwa totsala, mamilimita awiri kapena atatu basi. Mmisiri waulesi, kapena amene wapatsidwa ndalama yochepa, sawongola n'komwe, amangomata ngati akuzira nyumba. Galimoto imatuluka ikunyezimira, koma ikayenda miyezi ingapo m'misewu yafumbi ya ku Mayani kapena ku Kasumbu, pomatapo pamang'ambika, madzi amalowa, dzimbiri n'kuyamba kudya kuchokera m'kati. Wogula galimoto yakale angadziteteze ndi kamaginito kochotsa mu sipika yakufa: akakakulunga m'kansalu n'kukayendetsa pa bodi, pamene pali filler wambiri sikagwira.

Nyengo ya ku Dedza imathandizira dzimbiri. Tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi ya June ndi July chifunga ndi mvula yowaza zimasiya galimoto ili yonyowa m'mawa wonse. Katundu nayenso ali ndi mbali yake. Feteleza wa Urea kapena CAN akatayikira m'bodi amakoka chinyontho ndipo amadya chitsulo msanga. Mchere, madzi a tomato wophwanyika ndi dothi lonyowa lochokera ku mbatata zimachita chimodzimodzi zikasiyidwa m'makona. Choncho kupindika komwe penti sanasweke kungadikire mpaka malonda atayenda. Komwe penti wasupuka mpaka chitsulo kuonekera sikudikira: kupala ndi kupakapo red oxide sabata yomweyo n'kotchipa kuposa kudzadula lata lonse chaka chamawa. Kuyala matabwa kapena mphira pansi pa bodi ndi kutsukamo mukatsika feteleza kumatalikitsa moyo wa galimoto kuposa penti wodula.

Pa pikapu zamagetsi nkhani imasintha chifukwa cha kulemera kwa batire. Ford F-150 Lightning ya ku America, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 2022, imalemera matani pafupifupi atatu isananyamule kanthu. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, monga zilili F-150 zonse kuyambira za 2015. Aluminiyamu amapepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo ndipo sachita dzimbiri lofiira lija, zomwe n'zabwino kwa wonyamula feteleza. Koma kumuwongola n'kwina. Akapindika sabwerera mosavuta, ndipo akamenyedwa mobwerezabwereza amauma n'kung'ambika. Choopsa kwambiri ndi moto: chitsulo chimafiira kaye, kuchenjeza mmisiri, ndipo chimasungunuka chikayandikira madigiri 1,500, pomwe aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 osasintha mtundu. Mmisiri wozolowera chitsulo akabwera ndi gasi wake amangozindikira pabooka.

Palinso nkhani ya zida. Hamala, bulashi kapena sandipepa yomwe yagwira pa chitsulo imasiya tizidutswa pa aluminiyamu, ndipo pakafika chinyontho zitsulo ziwirizi zimadyana, penti n'kuyamba kutupa. Magalaja odziwa ntchitoyi amakhala ndi zida zapadera komanso malo apadera. Mbali zambiri za bodi yotere sizowotcherera koma zomata ndi guluu wapadera ndi maliveti. Izi si za kutali monga zikumvekera: boneti ndi chitseko chakumbuyo cha Prius zambiri zomwe zikuyenda m'misewu ya dziko lino n'za aluminiyamu. Kamaginito kaja kakakana kugwira pa boneti yonse, si filler ayi.

Tesla Cybertruck, yomwe idayamba kuperekedwa kwa ogula kumapeto kwa 2023, idatenga njira ina. Kunja kwake n'kwa chitsulo chosachita dzimbiri, chamtundu wa masinki ndi masupuni, chochindikala kuposa malata a galimoto wamba ndipo sichipakidwa penti. Wilibala kapena njinga sizingachipinde wamba. Pa msika ngati wa Lizulu, umenewo ndi mwayi. Koma tsiku lomwe chapindika, chimalimbanso kuwongola, ndipo popeza palibe penti, palibenso pobisa filler. Chipsera chilichonse chimaonekera, ndipo nthawi zambiri njira yake n'kusintha lata lonse. Kulimba kwa lata sikutanthauzanso kuti zonse zili bwino. Mu March 2025 kampaniyi idaitanitsa Cybertruck zoposa 46,000 kuti zikakonzedwe chifukwa kachitsulo komatidwa ndi guluu m'mbali mwa galasi lakutsogolo kamatha kumatuka galimoto ikuyenda.

Chomwe chiyenera kudetsa nkhawa wamalonda kwambiri ndi kapangidwe ka bodi. Pa Cybertruck ndi pa Rivian R1T, konyamulira katundu n'kolumikizana ndi kokhala anthu, si bokosi lomasula ndi sipanala. Kugundidwa pakona yakumbuyo, komwe pa Hardbody ndi ntchito ya masiku awiri, pa galimoto zotere kungafune kumasula zinthu zambiri mpaka kufika kudenga. Si pikapu zonse zamagetsi zili choncho. Maxus T90 EV ya ku China idamangidwa pa chasisi ndi bodi yapayokha ngati pikapu wamba. Wofuna kugula ayenera kuyang'ana mpata wa pakati pa chipinda cha dalaivala ndi bodi: ukakhalapo, ndiye kuti bodiyo imamasuka.

Ndiye pali batire lenilenilo, lomwe limagona pansi pa galimoto, pakati pa matayala. Limanyamula mavoti pafupifupi 400, ndipo la Cybertruck limafika cha m'ma 800; mawaya ake amakhala a mtundu wa olenji kuti aliyense awadziwe. Magetsi amenewa amapha. Kuwotcherera, kudula ndi galainda kapena kuyandikitsa moto wa gasi munthu wodziwa asanazimitse mphamvu ya batire n'kuika moyo pachiswe, ndipo lamuloli likukhudzanso Prius ndi Aqua. Kupindika kwa pa chitseko n'kongonyansa m'maso, koma kwa pansi pa batire, kobwera chifukwa cha mwala kapena chitsa panjira ya kumunda, n'koopsa: batire lovulala m'kati litha kuyaka patapita maola kapena masiku, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Galimoto yomwe yagunda pansi mwamphamvu siyenera kugonekedwa pafupi ndi nyumba kapena mosungira katundu isanayezedwe. Kudzaza mopyola muyeso kumaonjezera vutoli chifukwa galimoto imatsika. Pikapu ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50, koma thumba la mbatata losokerera pamwamba limaposa pamenepo, ndipo okweza amawerenga matumba, sawerenga makilogalamu.

Kumbali ya ndalama, kusiyana kwagona pa komwe sipeya akuchokera. Chitseko kapena boneti ya Hilux imapezeka ku Biwi Triangle mumzinda wa Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza Boma, ndipo munthu atha kupita m'mawa n'kubwera nayo madzulo. Lata la pikapu yamagetsi n'loitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 aliyense woitanitsa katundu akudziwa tanthauzo lake. Pamwamba pa mtengo wa lata pali masiku odikira. Tomato sadikira, sabata iliyonse yomwe galimoto yaima, mwini wake akulipira hayala kwa mnzake kapena akugulitsa motchipa kwa mavenda ofika kumunda. Inshulansi ya third party, yomwe ambiri amadula kuti akwaniritse lamulo, imalipira amene wagundidwa, osati galimoto ya mwini wake.

Kwa kupindika kwakung'ono komwe penti sanasweke pali njira yomwe ikufala kunja: kukankha lata pang'onopang'ono kuchokera kuseri ndi ndodo zachitsulo, kapena kumata kapulasitiki ndi guluu wotentha n'kukoka. Safuna moto, filler kapena penti, choncho ndi yoyenera galimoto ya batire, ndipo imatheka pa chitsulo ndi pa aluminiyamu yemwe, ngakhale pa aluminiyamu imatenga nthawi. Siigwira pomwe lata lathyoka ngati pepala kapena m'mphepete mwa chitseko.

Wopereka galimoto ku galaja, kaya ndi yamagetsi kaya ya dizilo, achita bwino kugwirizana mtengo ndi tsiku lotuluka ntchito isanayambe, kulipira ya zipangizo yokha poyamba, ndi kupita kukaona lata litawongoledwa filler asanapakidwe. Mmisiri wodziwa ntchito sakana kuonetsa pamenepo. Ngati galimotoyo ili ndi mawaya a olenji, funso loyamba likhale lakuti ndani azimitse batire, ndipo adaphunzira kuti.