Kodi Mphamvu za Mtsogoleri wa Dziko Zimalekezera Pati?

Akhristu achikulire a ku Bembeke, Mua ndi maparishi ena a Dayosizi ya Dedza amakumbukira Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene m'matchalitchi munawerengedwa kalata ya Maepiskopi yodzudzula kupondereza anthu. Mmodzi mwa amene anaisayina anali Ambuye Gervazio Chisendera a Dedza. Nthawi imeneyo Dr Kamuzu Banda anali Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971, ndipo mawu ake anali lamulo.

Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 itadutsa, dziko linalemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, omwe anakhazikika mu 1995. Malamulowa amati ulamuliro ndi wa anthu, ndipo atsogoleri amangousunga m'malo mwawo.

Mphamvu za Pulezidenti n'zambiri ndithu. Iye ndi mkulu wa boma ndi wa asilikali, amasankha nduna, amasayina malamulo, ndipo angathe kukhululukira akaidi. Koma zili ndi malire. Sangagwiritse ntchito ndalama za boma popanda Nyumba ya Malamulo kuvomereza. Sangachotse wachiwiri wake amene anasankhidwa naye limodzi. Makhoti angathe kuthetsa chiganizo chake ngati chikuphwanya malamulo, ndipo aphungu angathe kumuchotsa pampando akapalamula mlandu waukulu. Gawo 83 limamulola kulamulira zaka zisanu kawiri kokha motsatizana, monganso dziko la America linachepetsera nthawi ya mtsogoleri wake mu 1951.

Malirewa anayesedwapo. Pa 4 Julayi 2002, bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira kuti a Bakili Muluzi aimenso inagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu okha. Ku Zambia, a Frederick Chiluba analepheranso mu 2001. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha Pulezidenti cha 2019, ndipo a Peter Mutharika anagonja pa chisankho chobwereza. Mu 2025 a Lazarus Chakwera nawo anagonja, navomereza.

Zonsezi zikuonetsa kuti malamulo olembedwa sadziteteza okha; amafuna aphungu, oweruza ndi anthu wamba olimba mtima. Mutu umodzi susenza denga. Makatekisiti athandize akhristu m'miphakati kudziwa kuti kulemekeza mtsogoleri sikuletsa kumufunsa mmene akugwiritsira ntchito mphamvu zimene tinamubwereka.