Ulendo wa ku Mua umawerengedwa chobwerera

Anthu ambiri amaganiza kuti ife operekeza alendo tili ndi chinsinsi china chake, kapena kuti ntchito yathu ndi ya azungu okhaokha. Chinsinsicho ndi masamu a pulayimale. Banja likandiuza kuti likufuna kupita ku Mua Loweruka n'kubwerera tsiku lomwelo, sindifunsa kuti linyamuka nthawi yanji. Ndimafunsa kuti likufuna kukhala litafika pakhomo nthawi yanji, kenako timawerenga chobwerera m'mbuyo.

Kuno kwathu ikamakwana 6 koloko madzulo kumakhala kukuda, ndipo mu Juni mdima umafulumirapo. Msewu wa M1 usiku ndi wa njinga zopanda nyali, ngolo ndi mathiraki othobwa m'maso. Ngati mukuchokera ku Lilongwe, patulani maola atatu a ulendo wobwerera. Ndiye kuti pofika 3 koloko masana galimoto ikhale italiza pa Mua. Ku Muako mufunika maola anayi, kuphatikizapo nkhomaliro. Chotsaninso atatu a popita ndi limodzi la zogwa mwadzidzidzi, monga tayala kuphwa, mwana kudwala mseru kapena kuchedwa pa rodibuloko. Mupeza kuti 7 koloko m'mawa iyenera kukupezani muli kale pamsewu. Amene amati "tinyamuka tikamwa tiyi" amakafika dzuwa lili paliwombo, ana atalefuka, n'kuona malowo mothamanga.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya M14 kukafika ku Salima, kenako M5 kulowera kummwera, kudutsa Chipoka ndi Mtakataka. Ina ndi ya M1 kudzera ku Dedza, kukhotera kumanzere pa Masasa, n'kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, pomwe mumakhoteranso kumanzere pa M5. Ine ndimakonda kupita ya Khwekhwerere m'mawa, dalaivala akadali ndi mphamvu, chifukwa kumwamba kukayera nyanja imaonekera chapatali ndipo ana amakhala chete okha. Konzeranitu ndalama ya pa toll gate ya Kalinyeke. M'dzinja yambani mwafunsa a minibasi za momwe M5 ilili, poti mitsinje yochokera m'mapiri a Dedza ikasefukira siyisiya milatho ili bwino.

Pa Khwekhwerere m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Kutsika konseko kumachitika pa mtunda waufupi, m'makona otsatizana. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawapondereza osalekeza, mapadi amapsa, brake fluid imatha kuwira, ndipo phazi limangolowa pansi galimoto osamvera. Chizindikiro choyamba ndi fungo la chinthu chopserera. Mankhwala ake ndi giya. Ikani giya 2 musanayambe kutsika, injini igwire galimoto, inu muzingogunda buleki pang'ono musanalowe pakona n'kusiya. Ya otomatiki ikokereni pa 2 kapena L. Injini ilira kwambiri ndipo apongozi kumbuyoko adandaula, koma kulirako ndiye kugwira ntchito kwake. Zoika galimoto pa nyutulo ati kupulumutsa mafuta, zimenezo musayerekeze mutanyamula ana. Fungo lija likamveka, imani pamalo otakasuka mabuleki azizire okha, osawathira madzi.

Pobwerera vuto limatembenuka: chokwera chimawiritsa injini. Onani madzi a mu radiyeta injini ikadali yozizira, ndipo mafuta thirirani ku Lilongwe kapena ku Dedza okwanira ulendo wonse. Tayala la sipeya likhale lopopa, jeke ndi sipanala ya mawilo zikhalepo.

M'mbali mwa msewu wa Khwekhwerere muli amisiri osema timagalimoto ndi tinjinga tamatabwa, mawilo ake ozungulira ndithu. Imani pamalo owongoka, osati pakona. Mukatsika m'chigwa mudzamva kutentha kukusintha, milambe ikuyamba kuoneka. Pa Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe adayamba kugwira ntchito mu 2022. Mwana wa sekondale muuzeni ayang'ane.

Nanga ku Mua mukukaonako chiyani? Mishoniyi idakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers m'dera la Angoni a Kachindamoto, amene likulu lawo lili ku Mtakataka. Ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za Akatolika m'dziko muno, ndipo pali tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya ana osamva. Koma chokoka alendo ambiri ndi Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu adawapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa mu 1976. M'kati mwake muli nyumba yosungiramo za makolo ya Chamare, yofotokoza moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati mpaka maliro. Makoma ake akunja ali ndi zojambula za mbiri ya dziko lino, ndipo ndimayambira pamenepo ndi ana asanalowe m'kati.

Chipinda cha gule wamkulu chili ndi nyau mazanamazana. Apa makolo amalakwitsa kawiri. Ena amakankhira mwana wamng'ono m'katimo akulira, ena amaseka n'kumati ndi zidole. Mwana woopa musiyeni panja ndi munthu wamkulu. Kwa amene alowa, lolani wofotokozera wa pamalopo alankhule, chifukwa chilombo chilichonse chili ndi dzina, nyimbo ndi mwambo womwe chimaphunzitsa, kaya kudzudzula ulesi, chiwerewere kapena mfumu yankhanza. Gule ameneyu bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma kwa eni dera si za m'nyumba yoonetsera ayi, ndi za kudambwe. Funsani musanajambule. Mukakumana ndi zilombo pamsewu, chepetsani liwiro, zipatseni njira, ndipo ana asaloze chala.

Pamene ndimakangana ndi mabanja kwambiri ndi pa dyera la malo. Bambo amaona pa mapu kuti kuchoka pa Golomoti pali msewu wa ku Monkey Bay, mayi akufuna makapu a ku Dedza Pottery, mwana wamva kusukulu za zojambula za pamiyala za ku Chongoni zomwe zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zonsezo n'zabwino, koma Chongoni ndi malo 127 omwazikana m'mapiri, ndipo nyanja mwana akailowa satulukamo msanga. Tsiku limodzi, malo amodzi. Ngati nthawi yatsala pobwerera, tiyi wa ku Dedza akhale chowonjezera.

Imbirani a ku Kungoni masiku angapo ulendo usanafike, mufunse mtengo wolowera, nthawi yotsegulira, ndiponso ngati mungaitanitsiretu chakudya kapena magule. Tengani ndalama m'thumba, zina zing'onozing'ono, poti netiweki ikavuta wosema sangadikire foni yanu. Madzi akumwa achuluke kuposa momwe mukuganizira, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene chigwachi chimatentha koopsa. Agogo akhale mpando wakutsogolo, ndipo mwana amene amachita mseru asadye zamafuta musanatsike Khwekhwerere.