Matope a ku Kayelekera

Makilomita pafupifupi 50 kuzambwe kwa tauni ya Karonga, chakufupi ndi msewu wa ku Chitipa, kuli mgodi wa Kayelekera kumene amakumba yureniyamu. Mwala umenewu ndiwo nkhuni za makina opangira magetsi a nyukiliya m'maiko akutali. Makinawo kuno kulibe, koma zinyalala zake zoyamba zimatsala pamgodi pomwepo, ndiye kuti zimatsalira ife.

Kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mgodiwu m'chaka cha 2009, ndipo inauimitsa mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa chifukwa cha ngozi ya ku Fukushima ya mu 2011. A Lotus Resources anaugula mu 2020 nayambanso kukumba mu 2025.

Tsono aphunzitsi ndi ophunzira amvetse apa. Miyala ikakumbidwa amaipera, naiviika mu asidi kuti yureniyamu asungunuke. Pa tani yathunthu ya miyala amapezapo pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Zotsala zonsezo ndi matope amene amawasunga m'damu lalikulu. M'matopemo muli rediyamu, wotulutsa cheza chosaoneka ndi maso, chosanunkha, koma chotha kuyambitsa khansa. Kuti mphamvu ya rediyamu itsike ndi theka pamapita zaka 1,600. Ndiyenso amabala mpweya wa radoni, mdani wa mapapo.

Kunsi kwa mgodiwo kukuyenda mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amakatsira m'nyanja ya Malawi pafupi ndi tauni ya Karonga. Nchifukwa chake anthu anadandaula kwambiri mu 2015 pamene madzi a pamgodi anayamba kutayidwa mumtsinje, ngakhale eni ake ananena kuti anali atawayeretsa. Paja madzi akatayika saoleka, ndipo mlimi wa mpunga alibe chida choyezera zimene zili m'madzi ake.

Woyenera kumuyezera ndi boma. Koma lamulo loona za mphamvu ya atomu, limene linakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, linabwera mu 2011, mgodi utagwira kale ntchito zaka ziwiri. Kunena zoona, limeneli linali khola lomangidwa ng'ombe zitafika kale. Ntchito ya bungweli ndi kupereka ziphaso ndi kuyendera malo otere, ndipo zopeza zake ziyenera kumveka m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, osangothera m'maofesi a ku Lilongwe.

A Lotus anawerengera kuti adzakumba zaka pafupifupi 10. Akadzasamuka, damu la matope lidzatsala paphiri pomwepo, mvula ya ku Karonga ikuligwera chaka ndi chaka.