Gitala Yopanda Ampulifaya pa Siteji za ku Senga Bay

Modeler ndi kabokosi kokhala ndi kompyuta mkati, kamene kamatsanzira kamvekedwe ka maampulifaya otchuka a gitala. Woyimba amalumikiza gitala yake ku kabokosiko, n'kusankha ngati akufuna mawu oyera a Fender Twin Reverb kapena Roland JC-120, kapena mawu okalipa a Marshall, ndipo chingwe china chimachoka pamenepo kupita ku mikisa ya bandi. Kampani ya Line 6 ya ku America ndiyo inatchukitsa njirayi pamene inatulutsa POD mu 1998. Pambuyo pake panabwera Axe-Fx mu 2006, Kemper Profiler ya ku Germany mu 2011 ndi Helix mu 2015.

Phindu lake limaonekera msanga paulendo wa ku nyanja. Gombe la Senga Bay ku Salima lakhala likulandira zoimbaimba zikuluzikulu: Lake of Stars inachitikira ku Livingstonia Beach mu 2008 ndi ku Kabumba Hotel mu 2018, ndipo Sand Music Festival, yomwe malemu Lucius Banda anaiyambitsa mu 2010, yachitikira pagombeli kangapo. Bandi yochokera ku Lilongwe imayenda makilomita oposa 100 kuti ifike kumeneko. Twin Reverb imalemera pafupifupi makilogalamu 30 ndipo mavavu ake agalasi sachedwa kuwonongeka m'mabampu, pomwe modeler imakwana m'chikwama cha kumsana. Komanso pa chikondwerero mabandi amasinthana siteji mothamanga, motero woyimba amene mawu ake anawasunga kale m'kabokosi sadalira ampulifaya iliyonse imene waipeza pamalopo.

Pogula, mtengo si umene uyenera kutsogolera. Woyimba reggae, rumba, sungura kapena nyimbo zauzimu amafuna makamaka mawu oyera, kuwonjezera chorus, delay ndi reverb pang'ono, ndipo zimenezi zilimo ngakhale m'timabokosi totsika mtengo monga Boss GT-1 ndi Zoom G1X Four. Tiwiri timeneti timayenderanso mabatire anayi a AA, zomwe n'zothandiza kumalo kumene magetsi amathimathima. Helix ndi Kemper zili ndi zambiri, koma amene amagwiritsa ntchito mawu atatu okha usiku wonse amakhala walipira zinthu zimene sadzazikhudza. Chofunika kuyang'ana ndi potulukira mawu. Ngati pali XLR, kabokosiko kalowa mwachindunji mu mikisa. Ngati pali jack yokha, pafunika kugulanso DI box, chifukwa chingwe wamba cha gitala chikatalika chimatola phokoso. Katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, wochokera ku Joni kapena kwa achibale akunja, ayesedwe batani lililonse ndi phazi ndalama zisanaperekedwe. Adaputala iwerengedwenso bwino: magetsi a m'Malawi ndi a 230V, ndipo adaputala yolembedwa 120V yokha, monga zina za ku America, imapsa ikangolumikizidwa.

Ntchito yeniyeni ili pa kukonza mawu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi n'kuyamba kunyoza chipangizo. Sipika ya ampulifaya ya gitala mwachibadwa imadula mawu osongoka kwambiri, pomwe masipika a PA amatulutsa chilichonse. Pachifukwa ichi, gawo lotsanzira sipika, lolembedwa cab kapena IR, liyenera kuyatsidwa pamene mawu akupita ku mikisa, apo ayi gitala imalira ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini. Koma ngati modeler ikulowa mu ampulifaya yeniyeni ya gitala, gawolo lizimitsidwe, kuopa kuti mawu angamveke otsekeka. Ambiri amadula mawu apansi pa 80 mpaka 100 Hz kuti asalimbane ndi besi, n'kudulanso apamwamba kuyambira cha m'ma 6 kHz.

Mawu okonzedwa usiku m'chipinda ndi mahedifoni sakhala omwewo pa siteji. Khutu la munthu silimva bwino mawu apansi ndi apamwamba voliyumu ikakhala yochepa, ndiye munthu amawawonjezera mosazindikira. Akafika pa PA yamphamvu, gitala imaboola m'makutu, kwinaku ikusowa pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. Mankhwala ake ndi kukonzera mawuwo pa voliyumu ya siteji, bandi yonse ikuimba, ndi kukweza mawu apakati. Pagombe palibe makoma obweza mawu, choncho gitala imamveka youma kusiyana ndi m'holo, ndipo mwera ukamawomba m'miyezi yozizira umamwaza mawu asanafike kwa anthu akumbuyo. Ma preset onse, omwe ndi mawu osungidwa m'kabokosi, alinganizidwenso kukula kwake, chifukwa injiniya wa pa mikisa akadzidzimutsidwa kamodzi ndi solo yophulika, amatsitsa gitalayo ndipo sayikwezanso. Popeza kumbuyo kulibe ampulifaya, woyimba amadzimva kudzera pa monita ya patsogolo pake, ndiye nkhani ya monitayo ikambidwe pa nthawi ya sound check.

Magetsi a jenereta amakwera ndi kutsika, ndipo modeler ikazima imatenga kanthawi kuti iyakenso, nyimbo ili pakati. Surge protector kapena ka UPS kakang'ono kamachepetsa vutoli. Kung'ung'uza kukamveka m'masipika, batani la ground lift pa DI box nthawi zambiri limakuthetsa. Mchenga nawo umalowa m'mabatani ndi mu pedulo, kotero kabokosi kaikidwe pa thabwa kapena kapeti, ndipo kapukutidwe ndi kaburashi kouma zoimba zikatha. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala ku Salima limatenthetsa chitsulo mpaka chosagwirika, ndipo sikirini siiwerengeka masana, motero ma preset asanjidwe motsatira ndondomeko ya nyimbo kuti phazi lizingoponda osayang'ana. Kope la ma preset onse lisungidwe pa kompyuta kapena pa fulashi, ndipo m'chikwama mukhale adaputala ina ndi chingwe chapadera, poti ku Senga Bay zinthu zotere si zoti munthu n'kuzipeza usiku.