Malonda akatsika pang'ono, bwanji phindu limagwa kwambiri?

Anthu awiri akhoza kugulitsa ndalama zofanana pamwezi, phindu lawo n'kukhalanso lofanana. Koma malonda akangotsika pang'ono, mmodzi amasowa tulo pamene mnzake akupitiriza ngati palibe chachitika. M'maphunziro a zamalonda nkhaniyi timaitchula kuti operating leverage, ndipo gwero lake ndi mtundu wa zolipira zimene bizinesi ili nazo.

Zolipira zilipo za mitundu iwiri. Zina zimayenda ndi malonda: tikagulitsa zambiri zimakwera, tikagulitsa zochepa zimatsika, monga ndalama zoodera katundu. Zina n'zokhazikika, monga lendi ndi malipiro a apamwezi, zimene timalipira ngakhale kasitomala asabwere ndi mmodzi yemwe.

Tiyerekeze chigayo chimene chimalowetsa K1,000,000 pamwezi. Magetsi ndi zina zoyenda ndi ntchito zimadya K400,000, n'kutsala K600,000. Lendi, wogayitsa ndi mlonda amatenga K450,000. Phindu ndi K150,000. Malonda akakwera ndi 10 peresenti, zotsala zija zimafika K660,000, koma zokhazikika sizisuntha, choncho phindu limafika K210,000. Lakwera ndi 40 peresenti. Akatsika ndi 10 peresenti, phindu limagwa kufika K90,000. Akatsika ndi 25 peresenti, phindu latheratu.

Tsono tione mayi wogulitsa kaunjika amene amalowetsanso K1,000,000. Mabelo ndi thiransipoti zimadya K800,000, malo ogulitsira ndi osungira katundu K50,000. Phindu lake ndi K150,000 yomweyo. Malonda akatsika ndi 10 peresenti, amaoda mabelo ochepa, ndipo phindu limangotsika kufika K130,000, pafupifupi 13 peresenti.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Pa malonda onse tichotse zolipira zoyenda ndi malonda, zotsalazo tizigawe ndi phindu. Chigayo chikupereka 4, kaunjika pafupifupi 1.3. Nambala imeneyi ikutiuza kuti malonda akasintha ndi peresenti imodzi, phindu lisintha ndi maperesenti angati. Ikamakula, phindu limathamanga kwambiri, pokwera ndi potsika pomwe.

Sitikunena kuti kugula makina kapena kulemba antchito n'kulakwa. Malonda akamayenda bwino, mwini chigayo amamusiya kutali mnzake wa kaunjika. Koma walira mvula walira matope. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale chimanga chikatha m'nkhokwe, kapena magetsi akamazimazima, mwini nyumba safunsa kuti anthu agayitsa angati.

Ife osunga Sabata tili ndi chifukwa china chowerengera mosamala. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka kulowanso tsiku lotsatira timatseka, pamene m'misika yambiri Loweruka ndi tsiku la malonda ochuluka. Lendi ya mwezi wonse iyenera kuchokera m'masiku otsalawo. Amene wadzisenzetsa zokhazikika zambiri ndiye amayamba kuyesedwa kuti atseguleko pang'ono pa Sabata.

Choncho tisanasaine lendi kapena kulemba munthu wapamwezi, tikhale pansi ndi pepala. Tiwerenge malonda ochepetsetsa amene angalipire zonse popanda phindu, kenaka tiwayerekeze ndi mwezi wathu woipitsitsa, osati wabwino. Ngati mwezi woipawo sukufika pamenepo, ndi bwino kuyamba pang'ono, kubwereka makina m'malo mogula, kapena kusungiratu ndalama zolipirira miyezi yovutayo.