Mantha awiri a pa Sapitwa

Munthu akanyamuka pa Likhubula kulowera ku Sapitwa amasenza mantha a mitundu iwiri, ndipo m'thupi onse amamveka chimodzimodzi: kukhosi kumauma, maondo amalobodoka. Koma ena amachokera kuphiri, ena amachokera mumtima mwa wokwerayo. Ine ndinatenga masiku atatu pa Mulanje kuti ndiwasiyanitse.

Mantha ochokera kuphiri ali ndi maziko. Sapitwa ndi nsonga ya mamita 3,002, yaitali kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo dzina lake lenilenilo ndi chenjezo. M'miyezi yozizira chiperoni chikawomba kuchokera ku Mozambique, nkhungu imakuta njira m'kanthawi kochepa, thanthwe limene linali louma n'kuyamba kuterera ngati therere. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anabweza womuperekeza n'kupitirira yekha. Mtembo wake unapezeka patatha pafupifupi masabata atatu, ndipo chimene chinamupha ndi chisanu. Choncho akuluakulu a ku Mulanje akamanena kuti phirili lili ndi eni ake, kuti ukapeza chakudya m'njira uzidya wekha osaitana mnzako, ine sindiseka. Kaya za mizimu mumazikhulupirira kaya ayi, munthu woleredwa ndi mawu amenewa amapita kumeneko modzichepetsa.

Mantha enawo anandipeza usiku m'kanyumba ka Chisepo, pamene okwera Sapitwa amagona asanayambe chitunda chomaliza. Kunja nyenyezi zinali mbuu, kopanda ndi kamtambo komwe. Komabe tulo sindinatione. Mawu amene ankandilankhula mumtima sanatchule za nyengo. Anandikumbutsa zaka zanga, ntchito yanga ya pampando, ndi m'mene ndinatsalira m'mbuyo masana aja, onyamula katundu wathu atandidutsa ngati ndaima. Anandiuza kuti mawa ndikachedwetsa anzanga, kuti ndikachita manyazi. Chimene chinandiwawa n'chakuti mawuwo ndinali nditawamvapo kale, ndili mwana, kwa anthu amene phirili sanalipondepo.

Apa m'pamene ndinayamba kuona kusiyana. Mantha a phiri amaloza chinthu chimene mnzako angathenso kuchiona: mtambo uwo, thanthwe lonyowa ili, dzuwa lapendeka. Amakupatsa chochita. Dikira, vala juzi, bwerera. Nyengo ikasintha, nawonso amasintha. Kudzikayikira sikuloza kanthu kunja, ndipo sikusintha. Kukhale dzuwa, kukhale nkhungu, kumangobwereza kuti sungathe.

Koma ndinganame ndikanena kuti kudzikayikira n'kopanda phindu. N'kumene kunandidzutsa m'mamawa Loweruka lililonse kukakwera phiri la Michiru miyezi ingapo ulendowu usanafike, ndipo munthu amene sadzikayikira n'pang'ono pomwe ndi amene amabweza womuperekeza. Vuto lake n'lakuti kumadziwa kubisala kumbuyo kwa mantha oona aja. M'mawa mwake ndinadzipeza ndikuyang'anayang'ana kumwamba, ndikulakalaka mtambo woti undipatse chifukwa chabwino chotsalira.

Mtambo sunabwere. Tinayamba kukwera kusanache bwinobwino. Njira ya ku Sapitwa si yoyenda ndi miyendo yokha: pena umakwawa pathanthwe lotsetsereka, pena umadzipanikiza pakati pa miyala ikuluikulu chikwama uli utavula. Pathanthwe lina lalitali ndinaima, manja atakakamira pamwala.

"Achimwene, apa ine sindidutsa," ndinauza wotiperekeza.

Sanandinyengerere, sananenenso kuti ndine wolimba mtima. Anayang'ana kumwamba, n'kusisita thanthwelo ndi chikhatho.

"Mwala ndi wouma, achemwali. Pondani apa. Kenako apa."

Anayankha funso la phiri lokha, lina lija analisiya. Ndinaponda pamene analoza, ndipo mawu aja sanaleke. Ndinadutsa thanthwelo akundiuzabe kuti sindidutsa. Ndinkaganiza kuti kudzikayikira kuyenera kutha kaye kuti munthu asunthe phazi, koma ine ndinafika nako pamwamba penipeni, kutangochepa mphamvu ngati wailesi ya kwa aneba.

Pansonga sitinakhalitse. Ndinali nditangokhala pansi, ndikuyang'ana nsonga zina za Mulanje zili m'munsi mwathu, pamene wotiperekeza analoza chakummwera. Nkhungu inali itayamba kukwera m'zigwa, yoyera ngati thonje.

"Tiyeni tizitsika."

Maondo anga ananjenjemera monga ananjenjemerera pathanthwe paja, koma ulendo uno chowanjenjemeretsa tonse tinkachiona ndi maso. Palibe anapempha kujambulanso chithunzi china. Tinatsika mwakachetechete, aliyense akuponda pamene wapondapo mnzake, ndipo pamene tinkalowa m'kanyumba ka Chisepo, Sapitwa anali atabisika kale.