Gitala la Mawu Apansi: Yambani Mwakhala Pansi

M'mipingo yathu yambiri achinyamata a kwaya akuimba ndi magitala a magetsi, ndipo ena mwa iwo, amene ali ndi dzanja la umisiri, afika polakalaka kudzipangira lawolawo. Ichi sichachilendo pakati pathu, pakuti anyamata a m'midzi akhala akusema mabanjo ndi babatoni kuyambira kale. Koma gitala la baritoni limene ena akulifuna tsopano limadya ndalama, ndipo kholo limene lipemphedwa thandizo liyenera kudziwa chimene likulipirira.

Gitala la baritoni lili pakati pa gitala wamba ndi besi. Kampani ya Danelectro ya ku America ndiyo inalitchukitsa m'zaka za m'ma 1950. Lili ndi nsambo zisanu ndi imodzi monga linzake, koma ambiri amalichuna motsika, kuyambira pa B mmalo mwa E. Mawu ake amagwirizana bwino ndi amuna oimba tenala ndi besi.

Chinthu choyamba kuchiganizira, ndipo chachikulu koposa, ndi utali wa nsambo kuchokera kumutu kufika pa buriji. Pa gitala la Fender utaliwu ndi mainchi 25.5, pamene baritoni imafuna mainchi 27 mpaka 30. Nsambo yaifupi ikachunidwa motsika imalendewera ndipo mawu ake amasokonekera. Tsono utali umenewu ukasankhidwa, zina zonse zimautsata. Fureti ya 12 iyenera kukhala pakati penipeni pa nsambo, ndipo malo a fureti iliyonse amapezeka pogawa utali wotsalawo ndi 17.817. Kuphonya pang'ono pokha pano ndiye kuti gitalalo lidzanama masiku onse a moyo wake, ngakhale mulichune chotani. Chifukwa cha ichi, woyamba kumene achita bwino kugula khosi lopangiratu. Kampani ya Warmoth imapanga khosi la mainchi 28 5/8 limene limalowa pa thupi la gitala la mtundu wa Fender popanda kusuntha buriji. Ndi lodula, makamaka mukawonjeza mtengo wotumizira ndi msonkho wa kasitomu, koma kuwononga matabwa katatu kumadula koposa. M'khosimo musasowe chitsulo chowongolera, chifukwa nsambo zazikulu zimakoka kolimba.

Thupi lokha kalipentala wodziwa ntchito angathe kulisema kuno. Mbawa ndi m'bale wa mahogane amene opanga magitala kunja amawagwiritsa ntchito, malinga ikhale youma bwino. Thabwa laliwisi limapindika likamauma. Thupi lisapepuke kwambiri, kuopa kuti khosi lalitalilo lingamagwere pansi woimba akaimirira kutsogolo kwa mpingo.

Nsambo za baritoni ndi zokhuthala, kawirikawiri .013 mpaka .062 ya inchi. Musanagule zopotera nsambo, onetsetsani kuti yaikuluyo ikulowa pabowo lake, ndipo funsaninso kumene mudzapeza zina zikaduka. Gitala lopanda nsambo zosinthira limangosanduka chokongoletsa pakhoma.

Pa mapikapu, timaginito tozengedwa ndi waya timene timatola mawu, anthu amatsutsana. Ife tiona kuti a koyilo imodzi amatulutsa mawu apansi momveka bwino, ngakhale amalira phokoso pang'ono pafupi ndi nyali za magetsi. A makoyilo awiri alibe phokosolo, koma nthawi zina amaphimba mawu, ndipo m'tchalitchi chofolera malata zimenezi zimakula. Oyambawo amayenda ndi zokwezera mawu za 250k, enawo 500k.

Makolo ena amaopa kuti mwana agwidwa ndi magetsi. Gitala lotere silikhala ndi magetsi a m'nyumba m'kati mwake. Ngozi ili mu ampulifaya, ndipo imeneyo mwana asaitsegule, ipite kwa mmisiri wake. Chimene kholo lingafunse ndi pepala: mnyamatayo alembe chiwalo chilichonse, muyeso wake, mtengo wake ndi kumene chidzachokere, ndipo khosi ndilo ligulidwe poyamba, thabwa la thupi lisanakhudzidwe ndi sowo.